Dzina la Sukulu ndi Thumba la Makolo

Ine ndine mwana pakati panu, ndipo ndiribe digiri, koma setifiketi ya uphunzitsi yokha. Komabe mwana akapambana Giredi 12, makolo ace amadza kwa ife ndi pepala m'manja, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, timtumize kuti?" Yankho lathu likhoza kugulitsitsa ng'ombe za munthu.

Dzina la University of Zambia liri lolemera, ndipo liyenera kutero. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, anthu athu okhala ndi digiri anali ngati 100 okha. Sukuluyo inatsegulidwa mu 1966, ndipo anthu a m'midzi anasonkha ndarama, ena nkhuku ndi mbuzi, kuti imangidwe. Cifukwa cace kholo likamva dzinalo siliwerenganso mtengo.

Koma mtengo suli fizi yokha ai. Malo ogona pa sukulu sakwanira onse, kotero kuti ambiri alipira lendi m'makomboni. Ufa umene kwathu ucokera m'nkhokwe, ku Lusaka ugulidwa. Ndipo kucokera ku Chipata ulendo uposa makilomita 500. Ena akhulupirira thandizo la boma. Tiwauze poyera kuti ciyambire lamulo la 2016 thandizolo ndi ngongole yobwezedwa, ndiponso silifika kwa onse opempha.

Ndinaona ndi maso anga mnansi wathu wina atagulitsa ng'ombe zace ziwiri zolimira, kuti mwana wace akalowe sukulu yomveka ya m'tauni. Caka coyamba cinatha bwino. Caciwiri mvula inabvuta, munda unacepa popeza unalimidwa ndi khasu, ndipo mnyamatayo anabwerera wopanda pepala liri lonse. Anali wanzeru ndithu. Cinaperewera ndi ciwerengero ca akulu, ndipo ine ndinali mmodzi wa amene anaomba m'manja tsiku limene anakwera basi.

Sindinena kuti tiphe mtima wa ana. Wofuna udokotala ayenera kupita kumene udokotala uphunzitsidwa, ndipo mbumba yonse igwirane manja. Koma wofuna uphunzitsi ali ndi koleji ku Chipata konkuno, kumene thumba la ufa limfika pa basi. Wofuna umisiri akafunse za ndarama za CDF, zimene ciyambire 2022 zilipirira ena maphunziro a nchito zamanja. Cenjerani nazonso sukulu zochipa zongomera ngati bowa: yambani mwafunsa ngati zinalembetsedwa ku Higher Education Authority kapena ku TEVETA.

Masiku ano kholo likadza, ndilikhazika pansi pamodzi ndi mwanayo, ndipo tilemba zaka zonse zinai, osati coyamba cokha. Caka cimodzi ticiyesa ca cilala. Pomaliza ndifunsa za ang'ono ace otsala pakhomo, kuti iwo adzaphunzira ndi ciani. Pa funso limeneli atate ambiri amayamba akhala cete.