Mau a Amayi kwa Aphunzitsi Atsopano a ku Ulongwe

Amayi a Pampando, amayi anzathu, ndi inu aphunzitsi amene mwangotumizidwa kumene kuno ku Ulongwe, takulandirani ndi manja awiri. Ife sitinapite patali ndi sukulu, koma ana amene mudzawaphunzitse ndi athu, choncho tiloleni tinenepo mau pang'ono.

M'chaka cha 1994 boma litachotsa fizi ku pulaimale, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi akhale ndi ana 60, koma mu Sitandade 1 mungathe kupeza ana oposa 100, ena atakhala pansi pa mtengo dzuwa la Okotobala likuswa. Taona aphunzitsi akubwera ndi chimwemwe, koma chaka chisanathe atopa nayamba kupempha transifa. Akachoka, otsala padzuwa ndi ana athu. Nchifukwa chake tikuti musasenze nokha katunduyu, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Choyamba, funsani. Ahedi, aphunzitsi akale ndi a PEA ku TDC anadutsa momwemo. Kufunsa si uchitsiru. Sikimu ndi mapulani lembani masana mukaweruka, kuti usiku mupumule.

Chachiwiri, ana ambiri kuno amalankhula Chiyao kwao. Mwana akangoti duu m'kalasi musamuyese mbuli. Mwina sanamve Chichewa chanu. Phunzirani moni wa Chiyao ndi maina a anawo, mudzaona akumasuka. Ndipo mtima ukapsa, ikani ndodo pansi, mutume ana kuimba nyimbo kufikira mkwiyo utaphwa.

Chachitatu ndi ndalama. Malipiro oyamba nthawi zina amachedwa. Chonde musathamangire katapila, chifukwa mphunzitsi wa ngongole thupi limakhala m'kalasi koma mtima uli kwina. Ufa ukatha tiuzeni. Mbale ya ufa, nkhuni ndi masamba sitingalephere.

Chachinai, sungani ulemu wanu. Kuyambira 2017 malamulo a dziko lino saloleza ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Mtsikana wa sukulu ndi mwana wanu, osamtuma kukasesa kapena kuphika m'nyumba mwanu. Wina akajomba sabata yathunthu, kapena mnyamata akayamba kuthawira ku nsomba ku Malombe, musadzivutitse kulondola nokha. Tiuzeni ife amayi, pakuti makomo ao tikuwadziwa, ndipo makolo ao timatunga nao madzi pa mjigo umodzi.

Inunso amayi anzathu, mphunzitsi akadwala malungo tikamuone, monga tikadafunira kuti ena achitire mwana wathu ali kutali.

Aphunzitsi, ana athu, khalani nafe kufikira ana a Sitandade 1 awa adzalembe mayeso a Sitandade 8 pamaso panu.