DAMU LA MULUNGUZI PAMWAMBA PA PHIRI LA ZOMBA

(Awa ndi mawu amene mmodzi mwa ophunzira akale anayankhula pa msonkhano wathu wapachaka. Tawasindikiza onse kuti anzathu amene sanathe kubwera nawonso amve.)



Poyamba ndithokoze komiti yathu pondipatsa mpata uno. Andipempha kuti ndiyankhule za phiri la Zomba, makamaka za nyanja yaing'ono imene ili pamwamba pake, imene timaitcha Damu la Mulunguzi. Ambiri mwa ife tinafikako tili ana asukulu, titanyamula kamba wa chinangwa ndi mtedza. Koma ndi angati amene anabwererako chitsirizire sukulu? Ndifuna ndikukumbutseni mbiri ya malo amenewa, zimene munthu angachiteko, ndiponso chifukwa chake sitiyenera kuwaiwala.

Dzina la damuli likuchokera ku mtsinje wa Mulunguzi. Mtsinjewu umayambira m'madambo a pamwamba pa phiri, nutsika kudutsa mumzinda wa Zomba, nukathira mu Likangala, amene amakathera m'nyanja ya Chilwa. Nsonga yaitali ya phirili, Malumbe, imapitirira mamita 2,000, ndipo ndi chifukwa chake kumwambako kumazizira ndipo mvula imagwa yambiri kusiyana ndi kuchigwa.

Azungu oyamba kukhazikika ku Zomba anamanga pafupi ndi mtsinje umenewu. John Buchanan anamanga nyumba ya Kazembe wa ku Mangalande m'chaka cha 1886, imene pambuyo pake inadzatchedwa Hotel Masongola. M'chaka cha 1891 Harry Johnston anasankha Zomba kukhala likulu la boma la atsamunda, ndipo munda wa mitengo ndi maluwa wa Botanical Gardens unayambidwa m'mbali mwa Mulunguzi momwemo. Atsamundawo anaona msanga kuti mzindawu udzadalira madzi a phiri. Motero m'chaka cha 1913 phirili linaikidwa kukhala nkhalango yotetezedwa ndi boma. Anadzalamo mikungudza yochokera ku Mulanje, kenaka paini wambiri wa matabwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anabweretsanso nsomba za trout, zimene zimangokhala m'madzi ozizira ndi oyera, naziika m'mitsinje ya kumwambako.

Amene tinaphunzira kale tikukumbukira kadamu kakang'ono kamene kanalipo nthawi imeneyo. Kanakwanira pamene Zomba anali katauni ka anthu ochepa. Koma anthu anachuluka. Chancellor College inasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973, ndipo ngakhale likulu la dziko linapita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, asilikali, apolisi, zipatala ndi masukulu anatsala komweko. Chilala cha 1992 chinaonetsa poyera kuti madzi anali atachepa. Bungwe la Southern Region Water Board litakhazikitsidwa motsatira lamulo la 1995, ntchito yomanga damu lalikulu inayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo pofika 2001 linali litayamba kugwira ntchito. Likadzaza limasunga malita oposa 3 biliyoni. Popeza lili pamwamba, madzi amatsika okha m'mapaipi kupita kumalo owayeretsera ndi kumidzi ya mumzinda.

Tsono kodi munthu akafika kumwambako amachitako chiyani? Zochita zilipo zambiri, ndipo zambiri mwa izo sizilira ndalama. Amene miyendo idakali yolimba angakwere ndi njira yachidule ya Potato Path, imene inatchedwa choncho chifukwa alimi ankatsitsiramo mbatata yachizungu popita kumsika. Ndi njira yotsetsereka, yofuna kupuma kawirikawiri. Ena angakwere pa galimoto mpaka pa hotela ya Ku Chawe, nayamba kuyenda pansi kuchokera pamenepo. Pa damu pali malo abwino okhala pansi ndi kudya kamba, madzi ali phee, mitengo ikuonekera m'madzimo. Mukatsata mtsinje mufika pa mathithi a Mandala Falls ndi Williams Falls, ndipo chakutsogolo kuli kadamu kena ka Chagwa.

Pali malo awiri otchuka oonerapo dziko. Queen's View inatchedwa pokumbukira ulendo wa amayi ake a Mfumukazi Elizabeth m'chaka cha 1957, pamene Emperor's View ikukumbutsa za Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia, imene inacheza m'dziko muno m'chaka cha 1965. Kukakhala kulibe nkhungu, pamenepo mumaona mzinda wonse, nyanja ya Chilwa ndi chilumba chake cha Chisi, komanso phiri la Mulanje chapatali. Kumbali ya kumadzulo kuli dzenje la Chingwe, limene akuluakulu amasimba kuti kale ankaponyamo anthu, ndipo pafupi pake mumaona chigwa cha Shire.

Ndipereke malangizo pang'ono kwa amene mudzapite ndi ana. Tengani juzi, chifukwa mu Juni ndi Julaye kumazizira kwambiri, ndipo nkhungu imatha kutseka njira mwadzidzidzi. Lembani mmodzi wa anyamata operekeza alendo amene amapezeka kumeneko. Amadziwa njira, ndipo ndalama yanuyo ndiyo malipiro awo. Musalole ana kusamba m'damu. Ndi lakuya, madzi ake ndi ozizira, ndiponso ndi madzi akumwa a anzathu. Ofuna kuwedza ayambe afunsa za chilolezo. Zinyalala zanu mutsike nazo, ndipo musasiye moto.

Anzanga, tsopano ndifike pa nkhani imene ili kumtima kwanga. Amene mwakwerako zaka zaposachedwapa mwaona nokha kuti malo ambiri amene tinkadutsa mumthunzi wa paini lero ali mbee, patsala zitsa ndi udzu. Paini anadzalidwa kuti adzadulidwe, ndipo kudula kokhako sikolakwika. Cholakwika ndi kudula osadzalanso, kucheka matabwa mozemba, kuotcha makala, ndiponso moto wolusa umene chaka ndi chaka umapsereza mbande zisanakule.

Izi zikukhudza damu motere. Pansi pa mitengo pamakhala masamba oola ndi mizu, zimene zimagwira madzi a mvula kuti alowe m'nthaka pang'onopang'ono. Madzi amenewo ndiwo amatuluka m'akasupe mu Okutobala, nadyetsa mtsinje pamene mvula kulibe. Mitengo ikachoka, mvula imathamanga pamwamba, nikokolola dothi. Dothilo limakakhazikika pansi pa damu, ndipo malo osungira madzi amachepa. Madzi amatope amafunanso mankhwala ambiri powayeretsa, ndipo mtengo wake umagwera ife olipira mabilu. Khoma la damu limangosunga madzi amene phiri lapereka. Phiri likaleka kupereka, khomalo lilibe chochita. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa, ndipo sitifuna kudziwa kuya kwa Mulunguzi mwa njira imeneyo.

Vutoli silithera pa mipope yokha. Mitsinje ya m'phirili, monga Mulunguzi ndi Domasi, imathandiza kudzaza nyanja ya Chilwa, imene inaphwa m'chaka cha 1968 ndi cha 1995, asodzi nasowa pogwira. Komanso makolo athu amakumbukira Napolo wa mu Disembala 1946, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Zomba ndi kupha anthu. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anatikumbutsa kuti zoterezi sizinathe. Phiri lopanda mitengo limaopsa amene ali patsinde pake.

Tisaloze chala kwa mnyamata wosenza thumba la makala yekhayo. Iye amatsika nalo chifukwa kumusi kuli wogula, ndipo ogulawo ambiri ndi ife apantchito. Muno muli aziphunzitsi, anamwino, abusa, amalonda ndi akuluakulu a m'boma. Ngati ife amene tinaphunzira za kukokoloka kwa nthaka m'kalasi tikhala chete, adzayankhula ndani?

Ndili ndi mapempho atatu kwa bungwe lathu. Loyamba, tikonze ulendo wokwera phiri kamodzi pachaka, ndipo titenge ana athu pamodzi ndi ophunzira a Folomu 4. Mwana sangateteze malo amene sanawaonepo. Lachiwiri, komiti ikakambirane ndi a Dipatimenti ya za Nkhalango kuti atipatse kadera kathu m'mbali mwa mtsinje, kodzalapo mitengo yachilengedwe monga katope. Ambiri tikukumbukira tsiku lodzala mitengo la pa 21 Januwale, limene linayamba m'chaka cha 1976. Tinkadzala, koma ndi mbande zingati zimene tinabwerera kukazipalira? Ulendo uno tiike padera ndalama zolipira anthu a m'midzi yoyandikira kuti azipalira ndi kulambula njira zotchinga moto kwa zaka zitatu zoyamba. Lachitatu, aliyense ayang'ane kukhitchini kwake. Amene angathe kuphikira magetsi kapena gasi atero, ndipo otsalafe tigwiritse ntchito mbaula zosamala nkhuni monga chitetezo mbaula.

A Msungichuma ali ndi kope pakhomo paja. Amene mtima wawakhudza alembetse dzina asanatuluke, kaya ndi K5,000, kaya ndi tsiku limodzi logwira khasu. Mutu umodzi susenza denga.