Mawu Olankhulidwa pa Mwambo: Kusamala Zithunzi za Makolo Athu



Gule wathu wa tchopa, amene bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wa chikhalidwe cha anthu a dziko lonse mu 2014, amasungika m'miyendo ya ovina. Chilankhulo chimasungika pakamwa. Koma nkhope za makolo athu zili papepala, ndipo pepala ndi lofooka.

Ife a ku Phalombe tikudziwa zimenezi. Napolo amene adatsika m'phiri la Michesi mu Marichi 1991, ndiponso namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, adatenga miyoyo ndi nyumba. Adatenganso zithunzi. Nyumba timamanganso, koma chithunzi chimodzi chokha cha agogo chikapita, zidzukulu sizidzaiona nkhope yawo.

Musachiderere kapepala. Mu 1914 M'busa John Chilembwe adajambulitsa pamodzi ndi mmishonale John Chorley. Chithunzicho chidasungika, ndipo patatha zaka zoposa 100, Samson Kambalu adachigwiritsa ntchito popanga chiboliboli chimene chidaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu 2022. Chikadadyedwa ndi chiswe, chibolibolicho sichikadakhalapo.

Adani a pepala ndi dzuwa, chinyontho, utsi ndi tizilombo. Dzuwa limafufutitsa maonekedwe, chinyontho chimabweretsa chuku, utsi wa kukhitchini umadetsa, pamene chiswe ndi mphemvu zimadya pepalalo. Felemu yabwino imatchinga zonsezi, koma yopangidwa mosasamala imawononga chimene imayenera kuteteza.

Choncho mukapita kwa kalipentala, mupemphe zinthu zinayi. Choyamba, matabwa akhale ouma bwino, monga a paini. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, uli pafupi kutha, ndipo sitingalemekeze makolo podula cholowa cha ana. Chachiwiri, chithunzi chisakhudze galasi. Pakati pake pakhale pepala lokhuthala loboola pakati ngati zenera, chifukwa chithunzi chogunda galasi chimamatirira nthawi ya dzinja, ndipo pochimatula nkhope imatsalira pagalasipo. Chachitatu, pasakhale guluu kapena selotepi pachithunzi. M'malo mwake, ngodya zake zilowe m'timatumba ta pepala kuti chizitha kuchotsedwa osang'ambika. Chachinayi, kumbuyo kukhale pepala loyera lokhuthala, chifukwa chikatoni wamba ndi nyuzipepala zimasiya mawanga achikasu. Kumbuyoko kutsekedwe bwino kuti tizilombo tisalowe.

Chithunzi chakale musachimate m'pulasitiki ndi makina otentha, pakuti chikalowamo sichitulukanso. Popachika, sankhani khoma louma losawombedwa ndi dzuwa, ndipo siyani kampata pakati pa felemu ndi khoma kuti mpweya uzidutsa. Chithunzi chikanyowa ndi matope, chitsukuluzeni pang'onopang'ono m'madzi oyera osachitikita, kenaka muchiyanike chagada pamthunzi.

Koma chachikulu ndi ichi: lembani kumbuyo ndi pensulo dzina la munthuyo, mudzi, mfumu ndi chaka. Bolopeni imadutsa papepala, pensulo sidutsa. Chithunzi chopanda dzina chimasanduka cha mlendo m'nyumba yake yomwe. Achinyamata, funsani maina agogo akadali moyo, ndipo mujambule chithunzi chilichonse pafoni ndi kutumizira abale a ku Blantyre, ku Mozambique ndi ku Joni, kuti madzi akatenga chimodzi china chitsale.

Mukabwerera kwanu, tsegulani sutikesi ija ili pansi pa bedi mvula isanayambe, muone ngati makolo anu akadalimo.

Mulungu adalitse Phalombe, adalitse Malawi.