Kukumbukira Malemu Gawie Fagan

Ndiloleni ndikukumbutseni za malemu Gawie Fagan a ku Cape Town, katswiri wa mapulani a nyumba, amene anabadwa mu 1925 namwalira mu 2020.

Pa 29 September 1969 chivomezi chinawononga nyumba za mu Church Street ku Tulbagh, msewu umene muli tchalitchi chomangidwa mu 1743. Iwo ndi akazi awo, Mayi Gwen, anafunafuna zithunzi zakale, nafufuza khoma ndi khoma, kufikira nyumbazo zinaimanso monga zinaliri poyamba.

Abale, matchalitchi athu akale nawonso ayamba ming'alu. Tisafulumire kuwagwetsa; tiyambe tafunsa odziwa kukonza.