Tisanasankhe msungichuma, tiyambe tafunsana kuti munthu timamudziwa bwanji

 Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachisanu, ndiye mukamva ndikupunthwa pa maina achizungu musandiseke. Ndinachita kukafunsa aphunzitsi ena okonda kuwerenga za khalidwe la anthu, ndipo maina ndi zaka anandilembera pakapepala aka.

Sabata yamawa tisankha msungichuma wa ndalama zathu za feteleza. M'njira ndamva kale anthu akuti, "Uje ayi, ngwaukali," ena akuti, "Ujeni ndiye eya, amaseka ndi aliyense." Zimenezi ndi zomwe zandiimitsa pano.

Mu 2006, ku yunivesite ya Princeton ku America, Janine Willis ndi Alexander Todorov anaonetsa anthu zithunzi za nkhope zachilendo kwa kanthawi ngati kuphethira kwa diso, gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi. Anthuwo anali atagamula kale kuti uyu ngwokhulupirika, uyu ayi. Atawawonjezera nthawi yoyang'ana, maganizo awo sanasinthe kwenikweni, anangoyamba kudzikhulupirira kwambiri. Ine izi zinandigwira mtima, poti chaka china ndinapereka matumba anayi a mbatatesi kwa wogula wina wankhope yabwino, wapakamwa pokoma, woti adzandilipira akakagulitsa ku Tete. Mpaka lero ndikudikira. Chikomekome cha nkhuyu, abale.

Tsono mphunzitsi wina wa ku Harvard, Gordon Allport, m'buku lake la 1937 anati pofufuza khalidwe la munthu pali njira ziwiri. Ina ndi yoyeza anthu ambirimbiri pa sikelo imodzi, kuti uyu ngwofatsa kuposa uyo. Ina ndi yokhala ndi munthu mmodzi nthawi yaitali mpaka uone mmene zake zimalukiranira. Alimife izi sizachilendo. Mlangizi akabwera amanena za dera lonse la Angonia, tsiku lobzala ndi kuchuluka kwa feteleza, ndipo sanama ayi. Koma munda wanga ndimaudziwa ndine: pomwe madzi amadikha, pachulu pomwe chimanga chimakana kufa ngakhale mvula idule, kumunsi komwe kumamera kaufiti. Mlangizi wabwino amayamba wafunsa mwini munda.

Allport sanangonena pakamwa. Mu 1965 anasindikiza buku lotchedwa Letters from Jenny, lochokera m'makalata 301 amene mayi wina wachikulire analemba kuyambira 1926 mpaka 1937 kupita kwa banja lina, anzake a mwana wake wamwamuna. Dzina loti Jenny linali longomubisira. Anthu 36 anawerenga makalatawo ndi kutchula makhalidwe amene anaonamo. Anapeza mayi wokangana ndi wokayikira anthu, wodziimira payekha, wokonda zinthu zokongola, wokonda mwana wake kwambiri koma yemweyonso n'kumamunyoza kowawa. Zonsezo mwa munthu mmodzi! Mukanakumana naye tsiku limodzi pachigayo mukanangotola chimodzi n'kumapita nacho.

Chomwe chinandisangalatsa koposa ndi cha mu 1994. Yuichi Shoda, Walter Mischel ndi Jack Wright anatsatira ana amene anasonkhanitsidwa pamalo amodzi nthawi ya tchuthi, n'kumalemba zochita zawo tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo. Anaona kuti ana awiri akhoza kuoneka andewu mofanana mukawerenga ndewu zawo zonse. Koma wina amapsa mtima anzake akamuseka, wamkulu akamudzudzula amangoti phee. Mnzakeyo anzake amawapirira, koma wamkulu akangomuchenjeza, moto buu. Ndipo mwana aliyense kachitidwe kakeko ankakabwereza. Ndiye mawu oti "ngwandewu" sakwanira, pamafunika kufunsa kuti amayamba ndewu zikatani.

Apa ndinakumbukira malemu azakhali anga. Mudzi wonse unkati ngaukali, ndipo zoona, pakamwa pawo panali tsabola. Koma ukali wawo unkadzuka pa chinthu chimodzi, munthu akabwereka kanthu n'kumazemba kubweza. Pamaliro ndiwo ankayamba kufika ndi nkhuni ndi ufa. Amayi ambiri ankasungitsa ndalama zawo kwa iwo, sipanasowepo ngakhale kakobiri. Ndiye ndikamva kuti uje ngwaukali asasunge ndalama, ndimati dikirani kaye, ukali wakewo ndi wa pati?

Winanso woseka ndi aliyenseyo sindikuti ngwakuba, ayi ndithu. Koma taganizani mlamu wake wafika usiku, mwana wadwala, akufuna ya thiransipoti yopitira kuchipatala ku Ulongwe, ndipo bokosi la kalabu lili kuchipinda. Munthu amene sanakanepo chinthu chibadwire, usiku umenewo adzatani? Mwina adzabwereketsa zake. Mwina adzatsegula bokosi ndi mtima wabwino womwewo, ife n'kudzazindikira mu Novembala mvula itagwa, feteleza palibe. Izi nkhope singakuuzeni. Angakuuzeni ndi amene anakhala naye zaka, anamuona pa ngongole, pa njala, pa maliro, komanso atagulitsa fodya ndalama zili m'thumba.

Pempho langa kwa a wapampando ndi ili. Aliyense wotchula dzina sabata yamawa asangoti "ngwabwino." Atiuze zinthu ziwiri kapena zitatu zimene anaona ndi maso ake pa nkhani ya ndalama kapena katundu wa eni, zinachitika liti ndipo zinatha bwanji. Za m'maluwa ndi zomva kumowa zitsale kunyumba. Ndipo amene tidzamusankheyo tisamusiye yekha ndi alamu ake: bokosi likhale ndi maloko awiri, kiyi wina asunge mlembi, buku la ndalama liziwerengedwa mokweza pamsonkhano uliwonse.