Paraguay ndi Chilankhulo Chake: Mawu Oyankhulidwa pa Msonkhano wa Ophunzira Akale



Mudandipempha kuti ndikambe za dziko lakutali. Ndasankha Paraguay wa ku South America, koma ndiyambira pa mtedza. Mtedza umene timalima ku Nsaru ndi ku Kabudula, umene akatswiri a ku Chitedze akhala akuufufuza kwa zaka zambiri, kwawo kwenikweni ndi chigawo cha Bolivia, Argentina ndi Paraguay. Chinangwa nachonso chidachokera ku South America komweko. Zidadza kuno ndi zombo za Apwitikizi. Anthu a mtundu wa Guarani mtedza amati manduvi, chinangwa amati mandi'o, ndipo ku Paraguay chinangwa chophika sichisowa pa mbale, monga nsima kwathu kuno.

Dzikoli lilibe doko la kunyanja yamchere, chimodzimodzi Malawi. Anthu ake ndi opitirira pang'ono 6 miliyoni. Likulu lake, Asunción, adalikhazikitsa ndi Asipanishi mu 1537, ndipo ufulu adaupeza mu 1811. M'maiko ambiri oyandikana nalo Chisipanishi kapena Chipwitikizi chidaphimba zilankhulo za eni nthaka. Ku Paraguay sizidatero. Lero anthu ambiri, ngakhale amene magazi awo ndi a Chizungu, amayankhula Chiguarani. Ndalama yawonso dzina lake ndi guaraní.

Chidapulumuka bwanji? Asipanishi oyamba adakwatira akazi a Chiguarani, ndipo ana adayamwira chilankhulo cha amayi awo. Kenaka ansembe a Chijezwiti, amene adakhazikitsa midzi ya mishoni kuyambira cha m'ma 1609, adachilemba m'mabuku. Bambo Antonio Ruiz de Montoya adasindikiza dikishonale yake mu 1639. Ansembewo adapirikitsidwa mu 1767, koma mabuku adatsala.

Tsono padadza nkhondo yoopsa ya 1864 mpaka 1870, pamene Brazil, Argentina ndi Uruguay adagwirizana kuthira Paraguay nkhondo. Amuna adatha psiti m'midzi yambiri. Nkhondo itatha, olamulira adayamba kunena kuti Chiguarani ndi chilankhulo cha umbuli, ndipo ana oyankhula Chiguarani m'kalasi ankalangidwa. Apa, anzanga, sindikufunika kufotokoza zambiri. Enafe tikukumbukira chibangili cha chigoba cha nkhono chimene ankatikoleka m'khosi tikangoti "ndibwereke cholembera". Ine ndidasema udzu masana onse chifukwa cha mawu awiri okha, ndipo amene adandinenera ndikumuona wakhala kumbuyoko, akuseka.

Chodabwitsa nchakuti pa nkhondo ya Chaco, yomenyana ndi Bolivia kuyambira 1932 mpaka 1935, chilankhulo chonyozekacho ndicho asilikali ankatumizirana nacho mauthenga kuti adani asamve. Mu 1967 malamulo a dziko adachitcha chilankhulo cha fuko. Ife tidachita zomwezo ndi Chichewa mu 1968, kusiyana chaka chimodzi chokha. Nawonso adali ndi mtsogoleri wokhalitsa, Alfredo Stroessner, amene adalamulira kuyambira 1954 mpaka 1989. Atachoka iyeyo, malamulo atsopano a 1992 adaika Chiguarani pa mpando umodzi ndi Chisipanishi ngati chilankhulo cha boma, ndipo mu 1994 adayamba kuphunzitsa ana m'zilankhulo zonse ziwiri.

Musaganize kuti zonse zili bwino kumeneko. Ntchito zabwino ndi makalata a m'maofesi zikadali za Chisipanishi, ndipo m'tauni anthu amasakaniza ziwirizo, chimene amachitcha jopara, monga ana athu a mu Lilongwe amachitira ndi Chingerezi. Komabe njira yawo ndi yathu zidapatukana. Kuno unduna udalamula mu 1996 kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo, koma lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chilankhulo chophunzitsira. Ine sindidana ndi Chingerezi. Ndicho chidandipezetsa ntchito. Koma mwana wa ku Nambuma wa zaka 6, amene sadamvepo Chingerezi pakhomo, akalephera masamu, ndani angadziwe ngati wagwa ndi masamuwo kapena ndi chilankhulo?

Choncho, a Pampando, pa ndalama zimene tasonkha zogulira mabuku a mu laibulale, ndikupempha kuti gawo lina tigulire mabuku a Chichewa. Ndamva kuti shelefu yake ili pululu. A Mlembi alembe pempholi kuti tikambirane tikatha kudya.