Sipuling'i ikathyoka pa mseu wa ku Nyika, alipire ndani?

Chitumbuka changa ndi chogulira tomato pamsika, tsono mundilole ndilankhule m'Chichewa kuti ndingakulakwireni.

Mwandiitana ngati mtolankhani, koma ena mwa inu mukundidziwa kuti ndisanayambe kulemba nkhani ndinali mnzanu. Nditasiya maphunziro ku yunivesite ndinakhala zaka ziwiri ndili wothandizira dalaivala pa basi yaing'ono yonyamula alendo okaona malo. Ntchito yanga inali kukweza zikwama, kusintha matayala ndi kuthamanga ndi mwala kukauika kunsi kwa tayala basi ikaima pachitunda. Kotero zimene ndinene pano si za kandimverere ai.

Amene simunafikeko ku Nyika, ulendo wake uli chonchi. Kuchoka muno mu Mzuzu kukafika pa Rumphi ndi phula, munthu umayenda ukuimba nyimbo. Ukapitirira, kudutsa pa Bolero kwa a Chikulamayembe, nyimbo ija imatha yokha. Kuchokera pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita oposa 100, ndipo mtunda waukulu ndi wa fumbi ndi miyala. Ife tinkayenda maola anayi kapena asanu nthawi yachilimwe. Nthawi yadzinja sitinkalonjeza ola, tinkangouza alendo kuti tifika lero.

Dalaivala wanga anali bambo wachikulire wa konkuno, dzina ndisunga. Anandiphunzitsa zinthu zimene sizili m'buku la kusukulu yoyendetsa galimoto. Pa timizere tija timene timagwedeza galimoto mpaka mano kuombana, ukayenda pang'onopang'ono kwambiri umamasula mabauti onse, ukathamanga kwambiri tayala lakumbuyo limayamba kuvina. Pali liwiro lake lapakati limene munthu amalimva m'chiuno, osati pa mita. Ukaona matope, tsika uyende wapansi ndi ndodo, uone pamene pali pouma, usankhe giya usanalowe, ndipo ukalowa usakhudzenso kilatchi. Ukalowa pa chipata cha Thazima ndi kuyamba kukwera, yang'anitsitsa mita ya kutentha kwa injini, chifukwa Chelinda ili pamtunda wa mamita oposa 2,000 ndipo kumtundako mpweya ndi wochepa, injini imafooka. Nkhungu ikatsika, tsegula zenera uyende ndi makutu. Ndipo m'mwezi wa June kapena July, usiku kumagwa chisanu choumitsa udzu, m'mawa injini ya dizilo imakana kulira. Bambo aja ankasiya basi yoloza kumtsetse nthawi zonse kuti tikailize ndi kukankha.

Za mseu wa Gorodi wochoka pa Chitimba kukwera ku Livingstonia sindinena zambiri, mukuudziwa: makhota 20, phompho kumbali, galimoto yaitali imabwerera m'mbuyo kuti ikhote. Unakumbidwa m'nthawi ya Dr Robert Laws, zaka zoposa 100 zapitazo. Malole akuluakulu a alendo ochokera kunja amaima kumunsi pa Chitimba, eni ake safuna kuwaika pachiswe. Amene amakwera ndi alendowo ndi inu. Amene amatsika nawo pa giya yoyamba, osadalira mabuleki chifukwa amatentha n'kusiya kugwira, ndi inu nomwe.

Tsono ndifike pa chimene ndabwerera. Tsiku lina m'mwezi wa February tinanyamula alendo 11. Titadutsa pa Thazima mvula inatipeza, ndipo pa dzenje lina lobisika m'madzi sipuling'i yakumbuyo inathyoka. Foni inalibe netiweki. Bambo aja anavula malaya, analowa kunsi kwa basi m'matope, ine ndikuwagwirira jeke. Anadula mtengo, anauika pakati pa ekiselo ndi tchesi, anamanga ndi mphira ya chubu. Zinatitengera maola atatu. Alendo ankajambula zithunzi akusangalala, ndipo sindikuwadzudzula, anali anthu abwino, anatipatsa tiyi wa m'fulasiki mwao. Kwa iwo chinali chinthu chokasimba kwao. Tinafika ku Chelinda usiku, onse amoyo, palibe ndi mmodzi yemwe wokalika. Alendo anagona pa moto wa nkhuni, ife tinagona m'basi.

Pa mapeto a mwezi, mwini basi anadula mtengo wa sipuling'i ija pa malipiro a bambo aja. Ati anayendetsa mosasamala. Sanawafunse n'komwe mmene zinakhalira. Iwo anangoti yewo, n'kulandira zotsalazo, pakuti kalata ya ntchito analibe ndipo ankadziwa kuti panja pali achinyamata khumi okhala ndi malaisensi amene akudikira kiyi yemweyo.

Ndakhala ndikuiganizira nkhaniyi. Mlendo analipira ndalama zake zonse. Mwini basi analandira. Boma linalandira msonkho wa pachipata ndi msonkho wa pa dizilo, umene gawo lake amati ndi lokonzera miseu. Pa anthu onsewa, amene analipira kuipa kwa mseu ndi munthu mmodzi yekha, uja anagona m'matope. Eni magalimoto ena amati walira mvula walira matope, unavomera ntchitoyi ukudziwa mseu wake. Ine ndikuti nawonso anavomera kutumiza galimoto yao ku Nyika akudziwa mseu womwewo, ndipo mtengo umene amauza alendo anauwerengera kale za mseuwo. Nanga bwanji phindu likhale lao, sipuling'i ikhale yanu?

Pali china chimene ndinaona tsiku lija. Pambuyo pathu panaima kagalimoto ka matola kochokera cha ku Nthalire, kodzaza anthu, matumba ndi nkhuku, ndipo mkati munali mayi wodwala wopita kuchipatala ku Rumphi. Sakanatha kutilambalala. Anadikira maola onse atatu pamvula, abambo a m'galimotomo n'kutithandiza kukankha. Tisaiwale kuti mseu umene timautcha wa alendo ndi mseu wa boma wopita ku Chitipa, wodutsa m'nkhalangoyo, ndipo ndi womwewo umene anthu a ku Hewe ndi ku Nthalire amadalira. Mlendo amauyenda kamodzi pa moyo wake. Iwo ndi wa masiku onse.

Nyika ndi chuma chenicheni, izi sindikutsutsa. Inakhala National Park mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo mu 1978 inakulitsidwa mpaka kuposa masikweya kilomita 3,000, kotero ndiyo yaikulu pa onse. Pokulitsapo anthu anasamutsidwa m'midzi ya makolo ao, m'masiku aja munthu ukafunsa funso umasowa. Mu 2017 anatengerako njovu 34 kuchokera ku Liwonde, ndipo mu 2023 boma linasaina pangano la zaka 20 ndi bungwe la Peace Parks Foundation loyendetsera limodzi Nyika ndi Vwaza. Zonsezi ndi zabwino. Koma mbidzi, ntchefu ndi maluwa a kumeneko sizibwera zokha ku hotela mu Mzuzu muno. Pakati pa mlendo ndi mbidziyo pali dalaivala, ndipo pa misonkhano ya zokopa alendo imene ndapitako ngati mtolankhani sindinaonepo dalaivala atapatsidwa mpando. Amakhala panja, akutsuka galimoto ya amene akulankhula m'katimo.

Atsamunda ankati kuno ndi kumpoto kwakufa. Kamuzu anabwera napita. Tinavotera matipate pa 14 June 1993, ndipo kuyambira 1994 tasintha maboma kangapo. Nyengo ya kampeni ikafika, mseu wa Rumphi, Nyika mpaka Chitipa umatchulidwa pa nsanja mokoma ndithu. Ndisaname, zina zachitika: mseu wa Karonga kupita ku Chitipa uli ndi phula tsopano. Izi zikungoonetsa kuti akafuna amatha. Tsono wandale akadzabwera muno m'Mchengautuwa ndi nsalu ndi zisoti, musadzamufunse ngati adzamange mseuwo, pakuti adzati inde. Mudzamufunse kuti ndalama zake zili pa tsamba liti la bajeti, ndi makilomita angati, ndipo zimene zinaikidwa chaka chatha zinagwira chiani.

Koma phula lisanafike pali zimene mungachite nokha. Ndime 31 ya malamulo aakulu a dziko lino imati munthu aliyense ali ndi ufulu wogwira ntchito mwachilungamo ndi mosaika moyo pachiswe, kulandira malipiro oyenera, ndiponso kulowa kapena kuyambitsa bungwe la apantchito. Lamulo la za ntchito la mu 2000 limati wolemba ntchito apereke kalata yofotokoza ntchito yanu ndi malipiro ake. Bwalo loweruza milandu ya apantchito liliko muno mu Mzuzu, simufunika kupita ku Blantyre. Ndipo musachite manyazi ndi mau akuti bungwe la apantchito. Chakufwa Chihana, mwana wa ku Rumphi komweko, amene anamangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe pa 6 April 1992 chifukwa chofuna demokalase, anali mtsogoleri wa mabungwe a apantchito asanakhale wandale.

Pempho langa n'lakuti musanabalalike lero musankhe anthu atatu alembe zinthu zitatu zokapereka kwa eni magalimoto: kalata ya ntchito kwa aliyense, ndalama yogonera ndi malo ogona mukapita ku Chelinda kapena ku Kazuni, ndiponso kuti chitsulo chikathyoka paulendo, makaniko amene onse mwagwirizana ayambe wachiona, dalaivala anene mbali yake, asanadulidwe ndi tambala yomwe. Musaine nonse, kuti asadzaloze chala mmodzi. Ine ndili ndi kope pano. Aliyense amene anadulidwapo malipiro chifukwa cha tayala, sipuling'i kapena galasi andipeze pakhomo paja tikamatuluka, andiuze mwezi, mseu ndi ndalama zake. Maina sindilemba.